Mmene ndinapezera chilolezo cha lesitilanti yopanda malo oimika magalimoto ku California

Amene mukufuna kutsegula kabizinesi kuno ku California, musanasaine pangano la lendi yambani mwayeza mtunda wochoka pa nyumbayo kukafika pa siteshoni ya sitima. Ine zimenezi ndi zomwe zinandipulumutsa pamene ndinkasandutsa sitolo yakale ya zovala kukhala lesitilanti, m'kamzinda kena kufupi ndi Los Angeles.

Ukasintha ntchito ya nyumba, a khonsolo amawerengeranso malo oimika magalimoto. Malamulo a mzinda wathu amati lesitilanti ikhale ndi malo a galimoto imodzi pa ma square feet 100 aliwonse a lesitilantiyo, omwe ndi pafupifupi mamita atatu m'litali ndi atatu m'lifupi. Koma galimoto imodzi, ukaphatikiza polowera ndi potembenukira, imadya pafupifupi ma square feet 300. Ndiye kuti poima magalimoto pakule katatu kuposa podyera anthu. Kuseri kwa sitoloyo kunali kampata kongokwana mabini a zinyalala, kutsogolo msewu. Malowo ndikanawatenga kuti?

Yankho linali lamulo la boma la California lotchedwa AB 2097. Analibweretsa ku nyumba ya malamulo ndi phungu Laura Friedman, bwanamkubwa Gavin Newsom analisaina mu 2022, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2023. Limaletsa mizinda kukakamiza munthu kukhala ndi malo oimika magalimoto ngati nyumbayo ili mkati mwa theka la mailo, pafupifupi mamita 800, kuchoka pa siteshoni yaikulu.

Apa ndi pofunika kusamala, chifukwa si siteji ya basi iliyonse imene imawerengedwa. Ikhale siteshoni ya sitima, kapena ya mabasi othamanga okhala ndi njira yawoyawo, kapenanso pamphambano pokumana mabasi a njira ziwiri zikuluzikulu omwe amabwera pafupipafupi m'mawa ndi madzulo anthu akamapita ndi kuweruka kuntchito. Poyamba ankati basi izibwera mphindi 15 zilizonse, koma kuyambira 2025 anawonjezera kufika mphindi 20. Ine wanga unali mwayi, siteshoni ya sitima ya Metro inali pafupi. Ndinasindikiza mapu, n'kujambula mzere wofiira kuchoka pangodya ya pulotiyo kukafika pasiteshoni, n'kulemba mtunda wake pambali. Okhala mu mzinda wa Los Angeles weniweniwo zawo n'zosavuta: amangolemba adiresi pa mapu a pa intaneti otchedwa ZIMAS, n'kuona ngati malowo akukhudzidwa ndi lamuloli.

Mapuwo ndinawaphatikiza ndi pulani ya nyumba ndi kalata yaifupi yotchula AB 2097. Mayi amene ndinawapeza pakauntala ku ofesi ya mapulani anayamba kuwerengetsera malo a magalimoto monga mwa nthawi zonse. Ndinati, “Mayi, taonani kaye tsamba lachiwirilo.” Anavala magalasi, n'kutsatira mzere wofiira uja ndi nsonga ya cholembera, kenaka anakafunsa akuluakulu awo. Atabwera anakhwatcha chiwerengero chija. Musayembekeze kuti akukumbutsani okha. Litchuleni lamulolo ndi nambala yake, molemba.

Kenaka kudikira. Mzinda uli ndi masiku 30 kuchokera pamene walandira mafomu okwanira, oti ulembe umboni ngati ukuona kuti kusowa kwa malo oimika magalimoto kuvutitsa kwambiri anthu oyandikana nawo, kuti uthe kukukakamizabe kukhala ndi malowo. Kwa ine kalata yotere sinabwere. Dziwaninso kuti mahotela sali m'lamuloli, ndipo silinachotse udindo wokhala ndi malo oimika magalimoto a anthu olumala ndi ochajira magalimoto amagetsi pa nyumba zatsopano. Pa mfundo iyi ndinapempha a ofesi ya mzinda yoona zomangamanga kuti andiyankhe pakalata, osati pakamwa.

Bambo wina wogulitsa zitsulo pafupi nafe anadandaula kuti makasitomala anga azimutsekera pakhomo. Dandaulo lake linali lomveka, ndipo sindinalipeputse. Ndinachita lendi malo ochepa pa tchalitchi cha kuseri, omwe amakhala opanda kanthu mkati mwa sabata. Lamuloli silikuletsa kukhala ndi malo oimika magalimoto, likungosiya chisankho m'manja mwa iwe amene ukudziwa makasitomala ako. Ambiri mwa anga amatsika sitima kapena kuyenda wapansi.

Chilolezo cha mapulani chitatuluka, mpamene ndinasaina lendi n'kupita ku ofesi ya zaumoyo kuti adzayendere khitchini.