Maliro amene anati mpingo usaimbe

Abusa anzanga, sabata yathayi ndaika maliro amene akulu ampingo anagwirizana kuti mpingo usaimbe. Ndikulemba mtima usanatsike, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a inu muli nalo buku lija la anthu odulidwa m'kabati ya mu ofesi, ndipo zimene zandionekera ine muno mu Lilongwe zingakuonekereni inunso.

Kumayambiriro kwa sabata kunalibe chachilendo. Lolemba, tsiku limene amati m'busa apume, ndinaswera pamzere wa mafuta ndi njinga yamoto ya mpingo. Lachiwiri m'mawa ndinali ndi aphungu a achinyamata awiri ofuna ukwati, kenaka nkhani ya malata a nyumba ya mlonda amene akudontha kuyambira dzinja latha. Masana ake ndi pamene mtsikana wina anandiimbira foni, mawu akunjenjemera, kuti agogo ake ali m'chipatala ndipo akufuna abusa.

Amayi amenewa ankakhala ku Chinsapo. Dzina lawo ndinali nditangoliona m'buku, nkhope sindinkaidziwa, chifukwa anadulidwa ine ndisanabwere pampingo pano. Mwana wawo wamkazi atamwalira anawasiyira ana anayi, ndipo iwo anayamba kutcheza kachasu kuti apeze ya ufa ndi ya lendi. Mpingo unawaitana, unawaweruza, unawadula. Zimenezo zinalembedwa bwinobwino, tsiku ndi mwezi womwe. Chimene sichinalembedwe paliponse n'chakuti mowawo anausiya kalekale, nayamba kugulitsa makala pakhomo. Palibe anadziwa, poti kuyambira tsiku la chiweruzo palibe mkulu wampingo kapena mtumiki amene anapondako pakhomo pawo.

Ndinawapeza atafooka kwambiri, mdzukulu wawo uja ali chikhalire pansi m'mbali mwa bedi. Mtsikanayo anasiya sukulu kuti akhale gadiyani. Titapatsana moni, amayiwo anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Abusa, khadi langa lili mbee, ndipo dzina langa munalidula. Kodi kumene ndikupitaku akanditsegulira?"

Funso limeneli landisowetsa tulo kufikira lero. Munthu wakhala pabenchi ya tchalitchi kuyambira utsikana wake, waimba nyimbo zathu, wamva maulaliki osawerengeka, koma atayandikira imfa chimene chikumuopsa ndi khadi la chopereka. Ndinatsegula Luka 23 n'kuwawerengera za wachifwamba amene anapachikidwa pamodzi ndi Yesu, munthu amene manja ake anali okhomedwa, osatha kupereka kanthu kapena kubweza chimene anaba, koma anauzidwa kuti tsiku lomwelo akhala naye m'Paradaiso. Ndinawerenganso Aefeso 2:8-9. Kenaka ndinawafunsa kuti, "Amayi, inuyo mukudalira chiyani?" Anayankha kuti, "Ndilibe china, abusa, koma Yesu yekha. Zoipa zanga ndikuzidziwa. Ana a eni ake amene ndinkawagulitsa mowa uja ndimawalota." Tinapemphera, iwo akulira, mayi wina wodikirira wodwala wa bedi loyandikana atagwada nafe. Usiku wa Lachitatu anatsikira kulichete.

Lachinayi madzulo akulu ampingo anasonkhana. Mlembi anatsegula buku, nawerenga mzere wa chiweruzo chija, n'kunena kuti malamulo ndi omveka: munthu wofera pachilango mpingo suimba maliro ake, amayi savala yunifolomu, kwaya sipita. Ndinawafotokozera zonse za m'chipatala. Anandifunsa ngati panali mkulu wampingo wochitira umboni kulapako. Panalibe. Mkulu wa dera limenelo ndinamuimbira ndisananyamuke, koma anali kuntchito, ndipo wodwala sadikira kuti anthu aweruke. Mdzukulu uja anamva, mayi wa bedi loyandikana anamva, ine m'busa wawo ndinamva, koma anati umboni wotere sulowa m'buku.

Mpaka pamenepo ndinali wodekha, chifukwa amenewa ndi anthu okonda mpingo wawo ndipo ena anali ndi mantha enieni akuti tikaphwanya lamulo lero, mawa aliyense adzati naye analapa ali pabedi. Koma msungichuma anakweza dzanja nati, "Abusa, ngati anamfedwa angathe kulipira zonse zotsalira pakhadi, tikhoza kuganizirapo." Ena anagwedeza mitu kuvomereza. Apa mpamene magazi anga anawira. Umboni wa kulapa kwa munthu taukana, koma ndalama ya ana amasiye amene akusowa ya bokosi tiilandira, ndipo tikailandira nyimbo ziimbidwa. Ndinawafunsa kuti, "Akuluakulu, kodi tikugulitsa chiyani?" M'chipindamo munangoti zii.

Ife timanyadira kuti ndife zidzukulu za kukonzanso kwa mpingo. Chaka ndi chaka timakumbutsa akhristu kuti mu 1517 Martin Luther analemba mfundo 95 ku Wittenberg potsutsa malonda a zikalata za chikhululukiro amene Johann Tetzel ankalalikira. Timazinena mokweza ngati kuti nthenda imeneyo inali ya ku Germany kokha ndi ya anthu a mpingo wina. Chonsecho Akatolika ndi Alutherani anakhala pansi ku Augsburg pa 31 Okutobala 1999 nasainirana chikalata chovomerezana kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito yopulumutsa ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwake, ndi kuti Mzimu Woyera ndiye amamupatsa mphamvu yochita ntchito zabwino. A Methodist anavomereza chikalatachi mu 2006, ndipo mgwirizano wa padziko lonse wa mipingo ya Reformed unachita chimodzimodzi mu 2017. Anthu amene anakangana zaka mazana anayi ndi kupitirira afika pomvana, ife tikadali kuwerengera malemu miyezi imene sanapereke.

Musandimve molakwa, sindikunyoza chilamulo cha Mulungu. Paulo yemweyo amene analemba pa Aroma 3:28 kuti munthu ayesedwa wolungama ndi chikhulupiriro popanda ntchito za lamulo, mavesi atatu patsogolo pake akufunsa ngati chikhulupiriro chikuthetsa lamulo, nayankha yekha kuti iyayi, chikulikhazikitsa. Lamulo limaonetsa munthu tchimo lake. Lili ngati sikelo ya ana kuchipatala: imauza mayi kuti mwana wanyentchera, ndipo sinama, koma siingamudyetse mwanayo. Amayi aja lamulo linagwira ntchito yake pa iwo, n'chifukwa chake ankalota anyamata amene ankawagulitsa mowa. Chimene ankasowa ndi munthu wowauza kumene kuli chakudya. Pa Agalatiya 3 Paulo akuti chilamulo chinali chotitsogolera kwa Khristu, ndipo akukumbutsa kuti chinadza patapita zaka 430 Mulungu atapereka kale lonjezo kwa Abrahamu. Abrahamuyo anayesedwa wolungama pa Genesis 15, mdulidwe ukubwera pa Genesis 17. Chikhulupiriro chinatsogola, chizindikiro chinatsatira.

Amene tinaphunzira Katekisimu wa Heidelberg wa mu 1563 tikudziwa mmene anamuyalira: poyamba tsoka la munthu, kenaka chipulumutso chake, pomaliza kuthokoza. Malamulo Khumi akuwafotokoza limodzilimodzi m'gawo lomalizalo, la kuthokoza. Munthu amawasunga chifukwa wapulumutsidwa, osati kuti agule nawo chipulumutso. Koma tamverani mmene akhristu athu amayankhulira m'milaga ndi pamaliro: "Anali wokhulupirika, sankadumphitsa chopereka, kumwamba wafika." Kodi chiphunzitso chimenechi anachitenga kuti? Anachitenga pa zochita zathu, osati pa maulaliki athu. Amaona amene timamuimbira ndi amene sitimuimbira.

Ndipo tisaiwale kuti lamulo limene linatsekereza amayi aja si limodzi mwa Malamulo Khumi. Ndi lamulo la mpingo, lopangidwa ndi anthu pofuna dongosolo, ndipo dongosolo ndi labwino. Koma pa Marko 7 Yesu anadzudzula atsogoleri amene ankalola munthu kumana makolo ake thandizo ponena kuti chuma chake ndi choperekedwa kwa Mulungu. Pa msonkhano wa ku Yerusalemu, Machitidwe 15, Petro anafunsa anzake chifukwa chimene ankafunira kuika pakhosi pa ophunzira goli limene makolo awo ngakhale iwo eni analephera kulisenza. Chilango cha mpingo chilipo m'Malemba, sindikukana, 1 Akorinto 5 ndi yomveka. Koma mpingo womwewo wa ku Korinto unauzidwanso pa 2 Akorinto 2 kuti wolangidwa umukhululukire ndi kumutonthoza, kuopa kuti angamizidwe ndi chisoni chopitirira. Kudula timakudziwa bwino. Kubweza ndiye kwatikanika.

Pamenepa ndiye pali dandaulo langa kwa amene amatiyang'anira. Fomu ya lipoti imene ndimatumiza kulikulu ili ndi malo olembapo ndalama zimene zalowa, gawo limene tatumiza, obatizidwa, omwalira ndi odulidwa. Gawo la ndalama likachedwa, foni imalira sabata isanathe. Sindinalandirepo foni yondifunsa kuti odulidwa aja awayendera ndi angati. M'busa mmodzi ali ndi tchalitchi chachikulu ndi nthambi zake, ndalama ya mafuta imatha mwezi usanafike pakati, akulu ampingo ambiri ndi apantchito kapena a geni amene amachoka mbandakucha n'kubwera kutada, ndipo palibe amene anawaphunzitsapo mmene angachezere ndi munthu amene ali pachilango. Amangowapatsa buku la malamulo. Munthu ukamupatsa malamulo okha, adzagwiritsa ntchito malamulo okha. Akulu anga aja sindikuwayesa anthu oipa, anachita zimene tinawaphunzitsa.

Msonkhanowo unatha osasintha ganizo. Ndinawauza poyera kuti chigamulo chawo cha kwaya ndi yunifolomu ndachimva ndipo sindikakamiza aliyense, koma ine ndipita, ndivala kolala, ndipo ndikalalikira. Mlembi anati zimenezo azilemba ndi kuzitumiza kulikulu. Ndinati alembe, ndipo asaiwale kulembamo mawu a msungichuma.

Maliro anaikidwa Loweruka. Bokosi anasonkha ndi anthu a m'dera, amfumu atayendetsa mbale. Ndinkayembekeza kuti ndikhala ndekha, koma nditafika pasiwa ndinapeza amayi angapo a mpingo wathu, atavala zitenje wamba, akuimba nyimbo za m'buku kuyambira usiku. Mmodzi, mayi wachikulire amene sayankhulayankhula, anangondiuza kuti, "Abusa, yunifolomu atiletsa, koma pakamwa sanatitseke." Panabweranso mkulu wampingo mmodzi mwa amene anali pamsonkhano uja, anakhala kumbuyo, ndipo kumanda ananyamula nawo bokosi.

Zovuta sizinathere pamenepo. Mphwake wa malemu, mnyamata wopemphera kwina, atapatsidwa mpata woyankhula m'malo mwa banja anayamba kulalikira kuti malamulo onse anathera pamtanda, wokhulupirira alibe tchimo, ndipo azakhali ake sanalakwe chilichonse. Anthu ena anaomba m'manja, poti anali ndi mkwiyo ndi mpingo wathu, ndipo mkwiyowo ndinkaumvetsa. Koma sindikanalola kuti zipite choncho, chifukwa pakati pa anthu okhuza malirowo panali makolo amene anaika m'manda ana awo chifukwa cha kachasu, ndipo ena mwa anyamata otere ndinawaika ndine. Nditaimirira ndinati mayi athuwa sanadzitche osalakwa, ine ndinawamva ndi makutu angawa. Anavomereza tchimo lawo, analisiya akadali ndi moyo, ndipo anadalira Khristu. Ndinawerenga Aroma 6:1-2, pamene Paulo akufunsa ngati tipitirize kuchimwa kuti chisomo chichuluke, ndi Yakobo 2, pamene akuti chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa. Ndinati ngati mukufuna kuona ntchito za chikhulupiriro cha mayi amenewa, musazifune pakhadi, onani ana anayi awa amene anawalera, ndipo kumbukirani kuti anasiya geni yopindulitsa n'kusankha makala. Sizimenezo zimene zawapulumutsa, koma zikuchitira umboni kuti Amene anawapulumutsa anali atayamba kale ntchito mwa iwo, ife a mpingo tisakudziwa. Mnyamata uja sanakondwe, ndipo ndikukhulupirira kuti mlembi wanganso akanakhalapo sakanakondwa.

Lamulungu linadutsa monga mwa masiku onse, mapemphero awiri, ubatizo wa ana, magetsi anazima pakati pa ulaliki wachiwiri. Akulu ena anandipatsa moni wa patali. Titaweruka ndinapempha mlembi kuti andipatse buku la odulidwa, ndipo ndakhala ndikukopera maina ndi madera awo. Ena akuti anasamukira ku Area 25, ena ku Mtandire, ena palibe akudziwa ngati ali moyo. Ndapempha kuti pamsonkhano wa akulu ampingo wa mwezi wamawa tikambirane zinthu ziwiri: kuti aliyense wodulidwa akhale ndi mkulu wampingo womuyendera, ndi kuti nkhani ya zotsalira pakhadi isamatchulidwenso pokambirana za maliro. Za ana anayi aja ndazitula kwa atumiki, ndipo mtsikana wamkulu uja akufunika fizi kuti abwerere kusukulu teremu ikubwerayi. Amene malamulo a mpingo wanu ali ndi njira yobwezera munthu wolapa ali pabedi popanda mkulu wampingo pafupi, chonde nditumizireni mmene analembera, ndikufuna ndikapite nazo kumsonkhanoko.