Makutu a anthu a kuchigayo

Amalume anga agaya chimanga ku Chawama, kuno ku Lusaka, kuyambira ndili mwana. Masiku ano ukawalankhula uli kumbuyo kwawo sayankha. Ukabwereza mokweza amati, "Iwe, usandikuwire, ndakumva kuti ukulankhula, koma mawuwo akusokonekera." Achibale amati ndi ukalamba. Ine ndikuti ndi chigayo.

Gwirani chitsulo cha chigayo chikamagaya. Dzanja limachita dzanzi, ufa umene wagwera pamwamba pake n'kumadumphadumpha. Kunjenjemera kumeneko ndiye phokosolo. Chitsulo chimakankha mpweya, mpweyawo n'kukankha unzake, pa liwiro la mamita pafupifupi 343 pa sekondi, mpaka kukagunda nembanemba ya m'khutu. Kuseri kwa nembanembayo kuli tifupa titatu, ndipo komaliza ndiko kakang'ono kuposa mafupa onse m'thupi. Timeneti timapatsira kunjenjemerako ku cochlea, kachubu kopiringizika kodzaza madzi. M'menemo muli timaselo pafupifupi 15,000 tokhala ndi titsitsi, ndipo titsitsito tikapendama, uthenga umapita ku ubongo. Apo ndiye tamva.

Phokoso lalikulu limagwetsa titsitsi timeneti ngati chimanga chokunthidwa ndi mphepo ya mkuntho: china chimadzuka, china chimathyokeratu. Kwa munthu, timaselo tikafa sitimeranso. Timene timayamba kufa ndi tomva mawu oonda, n'chifukwa chake amalume amamva injini ya basi bwinobwino koma mawu a adzukulu awo amawaphonya. Kulira kuja kwa m'makutu mukaweruka, musakuone ngati kutopa chabe.

Phokoso amaliyeza m'ma decibel. Pa 85 munthu asapitirire maola 8 pa tsiku. Mukawonjezera 3 okha, nthawiyo imatsika ndi theka, moti pa 100 pamatsala mphindi 15 basi. Simufunika makina kuti mudziwe: ngati mukuchita kukuwa polankhula ndi munthu amene mungamugwire ndi dzanja, phokosolo lapitirira kale 85.

Mtima umandiwawa ndikadutsa pa Kalingalinga n'kuona anyamata owotcherera mageti akudula zitsulo ndi grinder, magalasi ali kumaso, makutu ali pamtunda. Thonje limene ena amatsekera silitchinga mokwanira. Eni zigayo ndi mashopu aziwagulira antchito awo zotsekera m'makutu zenizeni, ndi zotchipa poyerekeza ndi makina othandiza kumva. Amene makutu ayamba kale kulira, pitani mukayezetse. Kuno ku Lusaka, chipatala cha UTH ndi cha Beit CURE chili ndi madokotala a makutu.