Thanki yanga, sabata la 11: za mchere ndazisiya, ndili ndi mbuna

Lero ndasintha madzi ndowa ziwiri, malita 40 mwa 200 amene amalowa mu thanki yanga yowetera nsombayi. Ndayeza: ammonia ndi nitrite, poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba, palibe; pH, muyeso wa asidi m'madzi, ili pa 8. Masabata apitawa ndinkangolemba manambala okhaokha, ndiye lero ndifotokozeko mmene ndinafikira pano.

Poyamba mtima unali pa nsomba za m'nyanja yamchere. Mu shopu ina kuno ku Johannesburg ndinaima nthawi yaitali maso ali pa tinsomba ta clownfish, tija ta mtundu wa lalanje ndi mizere yoyera. Nditafika kunyumba ndinakhala pansi ndi cholembera. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, ndiye kuti thanki yanga ikanadya makilogalamu 7 pongoyamba pokha. Si mchere wa kukhitchini ayi, ndi wapadera wogula ku shopu komweko. Madzi a pampopi nawo amayenera kusefedwa kaye ndi makina a RO, ochotsa zinthu zosungunuka m'madzi. Chimene chinandifooketsa kwenikweni ndi ichi: madzi akamauma ndi kutentha, mchere umatsalira n'kuwawirapo, choncho pafupifupi tsiku lililonse uzithiramo madzi opanda mchere ndi kuyeza ndi refractometer, kachipangizo koyezera kuchuluka kwa mchere, kuti muyeso usachoke pa 1.025. Ine wogwira ntchito ya usikuyu ndingakwanitse? Nanga magetsi akazima maola anayi mapampu onse n'kuima? Mayi akunyumba atasuzumira pepala langa anangoti, "Bambo, imeneyotu ndi lendi ya miyezi ingati?" Nkhani inathera pomwepo.

Nditabwerera ku shopu kuja ndi manyazi anga, ndinapita mbali ya madzi opanda mchere. Pa galasi lina analembapo dzina la Malawi. Ndinaseka ndekha. Mbuna! Tili ana ku Nkhata Bay tinkaziona m'miyala posambira, osaziwerengera n'komwe, poti nsomba kwa ife inali usipa ndi chambo, zolowa mu mphika. Dzina loti mbuna ndi la Atonga a kwathu komweko, koma pano azungu akulitchula ngati lawo, n'kumalipira ndalama zambiri pa kansomba kosakwana ndi chala chomwe.

Ndinasankha Labidochromis caeruleus, zachikasu ngati nthochi yakupsa, zisanu ndi zitatu, chifukwa pakati pa mbuna zimenezi n'zofatsirako. Koma sindinazitenge tsiku lomwelo. Thanki inayenda yopanda nsomba masabata asanu kuti tizilombo tabwino timere mu fyuluta, tija tosandutsa ammonia wa m'zonyansa za nsomba kukhala nitrite, kenako nitrate amene timachotsa posintha madzi. Kudikira kumeneku kunali kowawa, ana akufunsa m'mawa uliwonse kuti nsomba zibwera liti.

Nyanja ya Malawi madzi ake ndi ofunda ndipo pH imakhala cha m'ma 8, ndiye chotenthetsera madzi ndinachiika pa madigiri 25, ndipo mu mchenga ndinasakanizamo makorali (onga miyala, a m'nyanja yamchere) ophwanyaphwanya kuti pH isatsike. Mwa makorali onse amene ndinkalota kuika mu thanki yamchere ija, ndi omwewa amene ndinakwanitsa.

Cholakwa chachikulu chinali pa miyala. Ndinayamba ndi mchenga, miyala n'kusanjika pamwamba. Mbuna zimakumba, abale. Yamphongo ina inkatapa mchenga ndi kamwa n'kukaulavula pakona, usiku ndi usana, mpaka m'mawa wina ndinamva kuti gu! Mwala waukulu unatsetsereka n'kutsamira galasi. Mwayi wake silinang'ambike. Ndinachotsa zonse, miyala n'kuikhazika pansi penipeni, mchenga pambuyo.

Chakudya ndikuzipatsa cha spirulina (mtundu wa ndere), pang'ono, kamodzi patsiku. Mbuna zambiri kunyanja zimapala ndere pa miyala, ndipo ukazikhutitsa zanyama zimatha kutupa mimba, matenda amene anthu a matanki anawapatsanso dzina la Malawi.

Kuyambira Lachiwiri yaikazi ina sikudya. Ndinachita mantha, koma nditayang'anitsitsa ndinaona kuti kukhosi kwake kwatukumuka, ndipo imangotafuna pang'onopang'ono kukamwa kuli kotseka. Yafumbata mazira. Imawasunga m'kamwamo pafupifupi masabata atatu isanalavule tiana. Loweruka ndikagule kathanki kakang'ono koti ndiisamutsiremo, apo ayi anzakewa adzameza tiana tonse.