Zikomo nonse, fiber yalowa m'mpanda mwathu

Lachisanu lapitali, cha m'ma 4 koloko madzulo, kanyale ka pakabokosi ka intaneti m'nyumba yomaliza ya msewu wakumunsi kanasiya kuphethira n'kuyaka mobiriwira. Ndinali chiimire pakhomo. Mnyamata amene ankalumikiza anangoti, "Zatheka, agogo," n'kuyamba kulongedza zida zake. Agogowo, amene ana awo onse ali kutali, anaimbira mdzukulu wawo pavidiyo nthawi yomweyo, ndipo nkhope ya mwanayo sinaume pafoni ngati kale, mawunso sanaduke. Basi, nyumba zonse zimene zinalembetsa zili pa fiber tsopano, intaneti yodzera m'chingwe cha ulusi wagalasi. Ndalemba pano ngati mlembi wa komiti yathu ya eni nyumba chifukwa pamsonkhano nthawi imachepa, komanso ena amene ndikufuna kuwathokoza sakhala nawo pamisonkhano yathu.

Amene mwasamukira muno posachedwa mwina simukudziwa chimene chinatichedwetsa. Chingwe cha fiber chakhala chikudutsa pamsewu waukulu, pafupi penipeni ndi geti lathu, kwa zaka ndithu. Kunja kwa mpanda kampani imatenga chilolezo kwa oyang'anira misewu n'kukumba. Koma ukangolowa pageti, msewu, ngalande za madzi, kapinga ndi nyale zonse n'zathu eni nyumba, ndipo palibe kampani ingagwetse khasu pansi ife tisanavomere molemba. Iwonso ankafuna aone kaye kuti nyumba zokwanira zasaina, poopa kukwirira chuma chawo m'dothi n'kusowa makasitomala. Ife tinkadikira iwo, iwo akudikira ife. Nthawi yonseyo ana ankatumiza ntchito ya kusukulu ataima pawindo kusaka netiweki, ndipo ogwirira ntchito kunyumba ankapepesa tsiku ndi tsiku msonkhano ukawadukira pakati.

Ndiyambe ndi amayi atatu amene munayenda khomo ndi khomo ndi mafomu, madzulo mutaweruka kuntchito. Makomo ena munagogoda kanayi. Nyumba za lendi munachita kusaka eni ake pafoni mpaka anasaina. Popanda inu, chiwerengero chija sichikanakwana.

Koma amene ndikufuna kuwathokoza mwapadera ndi abambo aja amene anakana kusaina pamsonkhano wachiwiri. Tsiku limenelo ambiri tinapsa mtima, inenso ndinapsa nawo. Bambo, munali mutawerenga pangano lonse, tsamba ndi tsamba, ndipo munatisonyeza ndime yonena kuti mapaipi odutsamo chingwe adzakhala a kampaniyo, moti kampani ina sidzaloledwa kudutsitsamo chake. Tikanasaina momwemo, tikanadzimanga tokha manja. Zokambirana zinatenga miyezi ina iwiri, koma lero mapaipiwo ndi a bungwe la eni nyumba, ndipo pambali pa paipi imene muli chingwe pagona ina yopanda kanthu, yodikira mtsogolo. Kukumba ndiye mbali yowawa ndi yodula pantchito yonseyi, galasilo palokha si nkhani. Chifukwa cha inu sitidzang'ambanso msewu tikadzafuna kusintha kampani. Pepani chifukwa cha mawu amene ena tinakuyankhulirani tsiku lija.

Sabata yachitatu ya kukumba ndi imene sindidzaiwala. Tinalibe mapu osonyeza zimene zili pansi pa nthaka, chifukwa amene anamanga malowa sanatisiyire. Ine ndi amene ndinavomereza kuti ngalande idutse kumanja kwa msewu wapakati, ndipo piki inaboola paipi yaikulu ya madzi. Madzi anathovoka mpaka kudzaza ngalande yonse, matope analowa m'magalaja awiri, ndipo theka la nyumba linakhala masiku awiri mipopi ili gwa. Usiku umenewo tulo sindinatione, ndinkangoti ntchito yathera pomwepa. M'mawa mwake ndinaona anthu a msewu wakumtunda atatulutsa mapaipi othirira maluwa kudutsitsa pamipanda yawo kuti anzawo atunge. Palibe anandiimbira kundinyoza. Amayi amene maluwa awo a m'mbali mwa msewu anakokoloka onse anangondigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanawe, maluwa amameranso, malizitsani ntchito."

Anatipulumutsa ndi madala athu osamalira pamalo, amene akhala akugwira ntchito muno kuyambira nyumba zoyamba zikumangidwa. Anatenga ndodo ndi laimu n'kuyenda ndi kapitawo wa okumba msewu wonse, akuloza: apa pali paipi ya madzi, apa nthambo ya magetsi a nyale, apa waya wa belu la pageti. Kuchokera tsiku limenelo sipanadukenso kanthu. Madala, mapu amene tinkawasowa anali m'mutu mwanu, ndipo ife sitinaganize zokufunsani poyamba. Zikomo.

Tsiku lina masana ndinakhala pansi pambali pa mtsikana amene ankalumikiza zingwe m'dzenje la pamphambano, ndipo anandilola kuonerera. Atasenda makungwa onse a chingwe, chotsala chinali ulusi wagalasi wonga tsitsi, kunenepa kwake gawo limodzi mwa magawo 8 a milimita. Kuwala kumene kumanyamula uthenga kumayenda pakatikati pa ulusiwo, m'kanjira kopyapyala kuposa pamenepo maulendo oposa 10. Ankaupukuta ndi sipiriti, kuudula ndi kachipangizo kuti nsonga ikhale yosalala, n'kuika nsonga ziwiri m'makina amene amaziyang'anitsa n'kuzisungunulira pamodzi ndi kamoto ka magetsi. Kafumbi kamodzi kakagwerapo, ankadula n'kuyambiranso, osadandaula. Mphepo itayamba anadziphimba ndi ambulera n'kupitiriza. Anandionetsanso kabokosi kotchedwa splitter, kamene kamagawa kuwala kwa ulusi umodzi kupita kunyumba 32 popanda kufuna magetsi. Makina aakulu a kampani akhoza kukhala pa mtunda wa makilomita 20, koma kuwalako kumafikabe. Usiku womwewo ndinawerenga za Charles Kao, amene mu 1966 pamodzi ndi George Hockham anasonyeza kuti galasi loyeretsedwa bwino lingathe kunyamula uthenga mtunda wautali, ndipo anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2009. Koma kwa ine, nkhope ya fiber ndi ya mtsikana uja, atagwada m'dzenje, akulumikiza ulusi umodzi umodzi mpaka dzuwa kupendeka. Chemwali, dzanja lanu lili m'nyumba iliyonse muno.

Iye yemweyo anandisiyira malangizo amene ndiyenera kukupatsirani. Kachingwe kolowa m'nyumba musamakapinde mwamphamvu kapena kukapanikiza ndi kabati, chifukwa kuwala kumathawira pamene papindika ndipo galasi likhoza kuthyoka. Musayang'ane kunsonga kwake ndi diso, kuwala kwake sikuoneka koma kungavulaze. Kanyale kolembedwa LOS kakafiira, ndiye kuti kuwala sikukufika, imbirani kampani, musatsegule nokha. Ndipo amene mwandiuza kale kuti kuchipinda chakumbuyo intaneti ikuchedwa, nthawi zambiri vuto si fiber koma Wi-Fi, imene imafooka ikamadutsa makoma. Router, imene imatulutsa Wi-Fi, ikhale pakati pa nyumba, pamalo okwera, osati kuseri kwa TV. Tisaiwalenso kuti njira imene tikugwiritsa ntchito, ya GPON, imabweretsa intaneti pa liwiro la magigabiti pafupifupi 2.5 pa sekondi pa ulusi umodzi, ndipo nyumba za pa ulusiwo zimagawana. Liwiroli ndi lalikulu ndithu, koma komiti idzayang'anirabe mmene zikuyendera madzulo aliyense akakhala pa intaneti.

Alonda athu apageti, munalemba galimoto iliyonse ndi munthu aliyense wolowa kwa miyezi itatu, munalondera mikukutu ya chingwe usiku, ndipo sipanasowe ngakhale fosholo. Kapinga amene anang'ambika tidzabzalanso limodzi mwezi ukubwerawu. Mapu atsopano, osonyeza paipi iliyonse ndi chingwe chilichonse, tawapachika muofesi ya pageti. Musanabzale mtengo kapena kukumba kutsogolo kwa nyumba, dutsirani pamenepo, ndipo mukakumana ndi tepi yochenjeza m'dothi, imani pomwepo.

Otsala ndi anyamata amene anakumba. Anagwira piki ndi fosholo kuyambira m'mawa, m'dothi louma ndi m'matope omwe, ndipo tsiku la paipi lija anakhala mpaka usiku kuthandiza kukapa madzi ngakhale nthawi yawo yoweruka inali itadutsa. Ngalande itakwiriridwa anawasamutsira kuntchito ina, moti palibe mmodzi mwa iwo amene analipo pamene tinyale ta pamabokosi a intaneti tija tinkayaka. Kapitawo wawo ndamutumizira uthengawu, ndipo ndamupempha kuti akawawerengere onse, awauze kuti agogo a msewu wakumunsi anayankhula ndi mdzukulu wawo ola lathunthu.