Phiri silikweredwa ndi mapatapata

M'mawa uno ku Senga Bay ndaona anyamata asanu akulowera kuphiri cha m'ma 10 koloko, mapatapata kumapazi, kabotolo kamodzi ka madzi onsewo. Ndi dzuwa la Okutobala lino! Mtima wanga unangoti myuu. Abale anga, phiri la Senga lisakunamizeni poti ndi lalifupi, kutentha kwa kunyanja kuno kumagwetsa ndi munthu wamphamvu yemwe.

Nyamukani 6 koloko isanakwane, aliyense ndi malita ake awiri kapena atatu, ndipo muzimwa pang'onopang'ono ludzu lisanakugwireni. Thukuta limatulutsanso mchere m'thupi, n'chifukwa chake minofu ya m'miyendo imakokana. Mu lita imodzi sungunulani timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Mutu ukayamba kuwawa, chizungulire n'kubwera, khalani pamthunzi, ulendo wathera pomwepo. Mtedza, nthochi ndi mbatata yophika zikhale m'chikwama. Nsapato zikhale zotseka, zomwe mwazizolowera kale, chifukwa zatsopano zimatulutsa matuza. Valani thalauza lalitali, chitedze sichiona nkhope. Anthu ambiri amabinya mwendo potsika, maondo atatopa, pamiyala yoterera, ndiye musathamange.

Amene mukulinga ku phiri la Chipata ku Nkhotakota, kumbukirani kuti lili m'nkhalango yotetezedwa momwe muli njovu, simulowa popanda woperekeza wa kumeneko. Pewaninso zovala zakuda ndi zabuluu, zimaitana kashembe. Tochi musaiwale, ndipo uzani wina kunyumba njira yomwe mwadzera ndi nthawi yomwe mubwerere.