Kompyuta inali ndi batire, nsomba zinalibe mpweya

Ndikulemba lero Lamulungu manja akadali kununkha, ndasamba ndi sopo kangapo konse koma fungo la nsomba yofera m'madzi ofunda silichoka msanga, amene munagwirapo ntchito mu hatchery, malo oswetsera ndi kulerera tiana ta nsomba, mukudziwa zomwe ndikunena. Sabata imeneyi ndimafuna ndingoyiiwala koma mtima ukukana.

Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo. Kuwerenga ma rotifer m'mawa, kuviika mazira a Artemia kuti mawa lake aswe (tonseti ndi tizamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi todyetsa tiana ta nsomba), kupopa zinyalala pansi pa matanki, kulemba manambala. Tinasankhanso tiana ta barramundi, nsomba imene timaweta, malinga ndi kukula kwake, poti ukatisiya pamodzi tokulirapo timameza tinzake, umangoona kamchira kakusuzumira kukamwa. Ma rotifer anatsikako pang'ono Lachiwiri, ndinawasinthira madzi, anabwerera. Basi.

Tsono kuti mumvetse za Lachitatu ndiyambe ndafotokoza mmene malo athu alili. Mumpanda umodzi tili nthambi zingapo za kafukufuku. Ife a nsomba za m'nyanja yamchere tili kumunsi kufupi ndi pampu yokoka madzi, kumtunda kuli anzathu a physics amene amafufuza za nyenyezi za neutron ndi mphamvu yokoka. Jenereta ndi imodzi ya tonse. Chipinda cha ma seva awo chili ndi mabatire akuluakulu oti magetsi akathima makinawo samva n'komwe. Ife blower yathu, imene imapereka mpweya ku thanki iliyonse, ili pa laini wamba, laini yomweyomweyo ya ketulo ya ku ofesi. Nkhani imeneyi ndinayamba kuidandaula kalekale.

Ndipo nthawi imeneyi tinali pakati pa kafukufuku wa zakudya. Matanki 12, zakudya zamitundu inayi, mtundu uliwonse matanki atatu. Tikuyesa kuchepetsa ufa wa nsomba mu chakudya n'kuikamo ufa wa mphutsi za ntchentche yotchedwa black soldier fly, tione ngati barramundi ingakule bwinobwino. Kafukufuku wa masabata 8, ife tinali mu sabata ya 6.

Foni inalira chama 1:40 usiku. Sanali alamu ayi, anali alonda. "Bwana, kuno magetsi athima kalekale ndipo jenereta siinayake, mwana uja akungothamangathamanga ndi tochi." Mwana akunenedwayo ndi wophunzira amene akuphunzira ntchito kwa ife, anamusiya yekha pa shifiti ya usiku chifukwa munthu wachiwiri anapita pa tchuthi ndipo palibe anaganiza zoika wina. Foni yake inali itatha moto. Alamu yathu imayenera kutumiza meseji kwa anthu atatu oxygen akangotsika, koma sim khadi yake inali itatha mayunitsi, eti. Chipangizo chodula chonchija n'kukhala chete chifukwa cha mayunitsi.

Nditalowa chinandiopsa choyamba ndi chete. Mu hatchery umazolowera phokoso, blower ikulira, madzi akugwa, thovu likuwira, mpaka sumalimvanso. Tsiku limenelo ndimamva mapazi anga. Nditawalitsa tochi mu thanki yoyamba, nsomba zonse zili pamwamba kukamwa yasa, zopumira zikugunda mothamanga, zina zayamba kale kupendekeka. Ndinaviika mita yoyezera oxygen, ikuwerenga 1.9 mg pa lita.

Anzanga a nsomba za m'madzi opanda mchere nthawi zina samvetsa chifukwa chake ife timanjenjemera chonchi. Madzi amchere amasunga oxygen wochepa kuyerekeza ndi madzi wamba, ndipo akafunda amasunga wochepa kwambiri. Pa 25°C madzi opanda mchere amatha kusunga pafupifupi 8.3 mg pa lita, a m'nyanja safika ndi 7 yomwe. Ife barramundi timaisunga pa 29°C, ndiye ngakhale zonse zili bwino timayambira pongopitirira 6 pang'ono. Onjezani kuti nsomba tinazidyetsa madzulo, ndipo nsomba yokhuta imadya mpweya wambiri pogaya chakudya. Onjezaninso mabakiteriya a mu biofilter, sefa yoyeretsa madzi a m'matanki, amene nawonso akupuma mpweya womwewo. Simuchedwa kufika pansi.

Masilinda a oxygen tili nawo awiri. Ina inali yopanda kanthu, fomu yoti akadzazitse ili ku ofesi yogula zinthu kuyambira mwezi watha. Regulator, chipangizo chotulutsira oxygen mu silinda pang'onopang'ono, ilipo imodzi yokha. Ndiye silinda imodzi, regulator imodzi, paipi yogawika pawiri, matanki 12. Apa m'pamene ntchito imeneyi imakusandutsa woweruza milandu, iwe ukhala moyo, iwe ufa. Ndinamuuza mwana uja kuti azisuntha paipi mphindi zisanu zilizonse, ayambe ndi matanki amene nsomba zapendekeka kwambiri, ine ndi alonda tinatenga zidebe kumatunga madzi n'kumawakhuthula kuchokera m'mwamba kuti akokeko mpweya. Alonda aja ndi bambo achikulire ndithu koma anatunga madzi usiku umenewo ngati mnyamata, osafunsa kalikonse.

Chama 2:30 ndinangoona tochi ina pakhomo. Anali mkulu wina wa ku physics, amagwira ntchito usiku kawirikawiri, akuti anatuluka atamva mabatire akulira. Anayang'ana m'thanki kamodzi kokha n'kufunsa, "Achimwene, chimene chikufunika magetsi pano n'chiyani kwenikweni?" Ndinamulozera blower yathu ina yaing'ono yapadera. Sanayankhe, anathamangira kumtunda, patapita nthawi pang'ono akubwera ndi UPS imodzi, batire yosungira magetsi a kompyuta, pa wilibala, thukuta lili kamukamu, atazimitsa makina ake awiri. Yaing'onoyo inalira. Sinakwanire matanki onse koma thovu linayamba kuoneka m'matanki asanu ndi limodzi, ndipo ndikuuzeni, sindinamvepo nyimbo yokoma ngati kulira kwa blower imene ija.

Jenereta inadzayaka 3:50, wamagetsi atabwera n'kuyatsa pamanja. Akuti switch imene imayatsa jenereta yokha magetsi akathima inakanirira, ndipo anali atanenapo kale kuti ikufunika kusintha. Magetsi atabwera mwana uja amafuna atsegule mavavu onse nthawi imodzi, ndinachita kumugwira dzanja. Madzi a m'nyanja ali ndi sulphate wambiri, ndiye zinyalala zikakhala m'mapaipi ndi pansi pa biofilter popanda mpweya pamatha kupangika hydrogen sulphide, uja wonunkha ngati mazira owola, ndipo pang'ono chabe amapha nsomba zimene wangozipulumutsa kumene. Tinayamba tataya madzi a m'mapaipi kunja kenako n'kutsegula pang'onopang'ono.

Kutacha tinawerenga. Matanki atatu anatheratu, awiri mwa iwo a chakudya chimodzi, chomwe chija chinali ndi ufa wa mphutsi wochuluka, chimene aliyense amadikira kuona zotsatira zake. Ena anayi anafamo zambiri. Kwa amene sadziwa anganene kuti si mwatsala nazo zambiri, pitirizani. Koma chakudya chikatsala ndi thanki imodzi palibe chimene ungafananize, ndipo zotsalazo zavutika mosiyana, zina zinalandira oxygen msanga zina mochedwa, ndiye zikadzasiyana kukula udzati ndi chakudya kapena ndi usiku uja? Masabata 6 a kuyeza chakudya pa sikelo kawiri pa tsiku anapita choncho. Nsomba zakufazo tinaziyeza imodziimodzi, kulemba kulemera, kuika mu fulizala. Mwana uja amalemba akulira, ine ndimangoyang'ana sikelo.

Masana a Lachinayi, ndisanagone n'komwe, ndinakhala panja ndi mkulu wa physics uja ndikumubwezera UPS yake. Ndinamufunsa mwaukali pang'ono, ndivomere, kuti kodi makompyuta anuwo amawerengera chiyani chofunika kuposa zamoyo. Iye sanakwiye, anaseka n'kuyamba kufotokoza. Akuti nyenyezi yaikulu ikatha mafuta n'kuphulika, chapakati chake chimafinyika n'kutsala nyenyezi ya neutron, mpira wa makilomita ongopitirira 20 m'mimba mwake koma wolemera kuposa dzuwa lathu, moti kasupuni kamodzi ka zinthu zake kangalemere matani oposa biliyoni. Woyamba kuona zizindikiro za nyenyezi zoterezi anali Jocelyn Bell Burnell mu 1967, akadali wophunzira ku Cambridge. Masamu owerengera mmene nyenyeziyo imadzigwirira kuti isagwere mkati anachokera kwa Tolman, Oppenheimer ndi Volkoff mu 1939, potsatira chiphunzitso cha Einstein cha 1915. Ntchito ya iyeyo ndi kusintha pang'ono chiphunzitso cha mphamvu yokokacho n'kuona ngati nyenyezi zotuluka m'masamu ake zikufanana ndi zenizeni. Akuti pali ina yotchedwa PSR J0740+6620 yolemera pafupifupi kawiri kuposa dzuwa, ndiye masamu ako akalephera kunyamula nyenyezi yolemera choncho, ataye. Palinso kugundana kwa nyenyezi ziwiri za neutron kumene makina omvera mafunde a mphamvu yokoka otchedwa LIGO ndi Virgo anakumva pa 17 Ogasiti 2017, kumene kunathandiza kudziwa kuti nyenyezizi zimapindika motani zikamakokana. Ndinali wotopa koma ndinamvetsera ndithu, munthu akamakonda ntchito yake amakoma kumumva.

Kenako ananena chimene chandikhala pamtima mpaka lero. "Achimwene, zambiri mwa zimenezi ndimapanga pa laputopu. Zikuluzikulu za pa seva zija zimasunga pomwe zafika maola angapo aliwonse, magetsi akathima ndimangoyambira pamene zinalekezera. Ine sindinapemphe kuti mabatire onse akhale kwathu, sanandifunseponso munthu." Ndiye taonani, mwini wake wa ma seva akudziwa kuti ntchito yake imadzukanso, koma amene anagawa magetsi sanafunse iye, sanafunse ife. Anangoona kuti makina odula ndi awa, atetezedwe.

Msonkhano unachitika Lachisanu. Abwana anayamba ndi kupepesa kwa mphindi imodzi kenako funso, "Nanga bwanji simunatidziwitse kuti zinthu zili chonchi?" Ndinatulutsa mafomu atatu, ya regulator, ya silinda, ya kusamutsa blower kupita pa laini yotetezedwa, onse ali ndi sitampu yawo yomwe. Ndinati, "Bwana, ndi awa, lomalizali ndinabweretsa ndekha m'manja mwanu." Chete. Kenako wina anayamba kufunsa chifukwa chake wophunzira sanachaje foni yake, ndipo ndinaona kumene nkhani ikulowera, amafuna mutu wa mwana. Pamenepo ndiye ndinakweza mawu, mwina kuposa mmene ndimayenera. Mwana wa miyezi iwiri pa ntchito, yekha usiku, alamu yopanda mayunitsi, silinda yopanda kanthu, ndiye wolakwa akhale iyeyo? Akadapanda kuthamangira kwa alonda bwenzi titataya zonse, ndi makolo oswetsa omwe, amene anatitengera zaka kuti tiwalere, poti barramundi imayamba ili yamphongo n'kudzasanduka yaikazi itakula, sungangopita kukagula yaikazi mawa lake.

Chimandinyansa n'chakuti anthu omwewa alendo akabwera amakonda kuonetsa manambala a FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, akuti mu 2022 nsomba ndi zamoyo zina za m'madzi zoweta zinafika matani 94.4 miliyoni, koyamba kuposa zogwidwa, ndiye tsogolo lili mu ulimi wa nsomba, ife tili patsogolo pa kafukufuku. Amawabweretsa ku matanki athu kudzajambulitsa. Regulator imodzi yokha kugula ayi. Msonkhano unatha ndi mawu aja timawadziwa tonse, tiunika, tikhazikitsa komiti.

Lachisanu madzulo ammonia, poizoni wochokera ku zinyalala za nsomba, anakwera monga ndimayembekezera, biofilter inavulala, ndipo pa pH (muyeso wa asidi) ya madzi a m'nyanja, cha m'ma 8, ammonia amaluma kwambiri, ndiye takhala tikusintha madzi ndi kudyetsa theka. Ma rotifer theka anafa, Artemia wa usiku umenewo ndinangotaya. Dzulo ndinagula mayunitsi a alamu ndi ndalama zanga, ndinayesa, meseji inafika. Mkulu wa physics uja anabweranso ndi UPS ija pa wilibala yomweyo n'kuisiya pafupi ndi blower, akuti wina akafunsa ndinene kuti wabwereketsa iyeyo. Thanki nambala 7 yayambanso kudya m'mawa uno. Mawa 8 koloko ndikukakumana ndi mwini kafukufuku kuti tione ngati tiyambirenso, ndipo tiana ta msinkhu woyenera sitikhala nato mpaka mwezi wamawa.