Kuonera Notre-Dame de Paris pagulu, Chifalansa musakuchidziwa

Aliyense amene amavina rumba ya ku Congo osamva Chilingala ngakhale liwu limodzi angathe kusangalala ndi Notre-Dame de Paris, sewero la nyimbo la m'Chifalansa. Chimene chimagwetsa anthu ulesi pa seweroli kawirikawiri si chinenero ayi, koma kulowamo osakonzekera komanso sipika yoipa.

Njira yapafupi yolionera muno mu Lusaka ndi kanema wa gulu loyambirira, lomwe linatsegula seweroli ku Palais des Congrès ku Paris pa 16 September 1998. Mawu analemba ndi Luc Plamondon wa ku Quebec, nyimbo anapeka ndi Riccardo Cocciante, ndipo nkhani yake anaitenga m'buku la Victor Hugo la mu 1831, lonena za Paris wa mu 1482. Mulibemo kuyankhulana wamba. Ndi nyimbo zokhazokha pafupifupi 50, maola awiri ndi kuposerapo, m'zigawo ziwiri.

Chifukwa cha ichi, mukangoyatsa kanema anthu asakudziwa kuti uyu ndani, pomafika nyimbo yachisanu theka la chipinda lili pa foni. Patulani mphindi khumi poyamba. Anthu ofunika m'nkhaniyi ndi asanu ndi awiri okha, ndipo zovala zawo zimathandiza kuposa mayina. Wa mkanjo wofiira, wa linunda ndi mawu okhakhala, ndi Quasimodo woimba mabelu a tchalitchi, ndipo amamusewera ndi Garou. Wa mkanjo wakuda ndi wansembe Frollo amene anamulera, Daniel Lavoie. Wa jekete lalitali la buluu ndi Gringoire, mlakatuli wofotokoza nkhani, Bruno Pelletier. Esmeralda, Hélène Ségara, wavala diresi yobiriwira. Otsalawo ndi msilikali Phoebus, chibwenzi chake Fleur-de-Lys, ndi Clopin mtsogoleri wa alendo opanda mapepala. Auzeni anthu chinthu chimodzi basi: amuna atatu akufuna mkazi mmodzi, ndipo amene akumufunira zabwino ndi yekhayo amene alibe mphamvu. Mathero musaulule.

Mawu olembedwa pansi pa kanema ali ndi msampha wake. Seweroli linaimbidwanso m'Chingelezi ku London mu 2000, ndi mawu a Will Jennings. Mawuwo anawakonza kuti aimbike, osati kuti afanane mzere ndi mzere ndi Chifalansa, choncho mukawaika pansi pa kanema wa ku Paris mudzawerenga china woimba akunena china. Omasulira ndi makina nawonso amasokonezeka woimba akakoka liwu limodzi nthawi yaitali. Funani mawu omasuliridwa ndi munthu kuchokera ku Chifalansa, ndipo muyesere nyimbo ziwiri dzulo lake, ina ya kumayambiriro ina ya kumapeto, chifukwa nthawi zina mawu amayamba bwino kenaka n'kumatsalira pang'onopang'ono.

Ngati pagulupo pali mbale wa ku Congo, Burundi kapena Rwanda wodziwa Chifalansa, kapena mwana wophunzira ku Alliance Française, musamusandutse womasulira wa mzere uliwonse. Iye atopa, nyimbo nayo ifa. Afotokoze ziganizo ziwiri nyimbo isanayambe, ndipo pa nyimbo zikuluzikulu zokha.

Nyimbo yofunika kuimvetsera ndi makutu onse ndi Belle. Imabwera Quasimodo atamangidwa pagulu n'kupempha madzi, Esmeralda yekha n'kumumwetsa. Amayamba ndi Garou, mawu ali pansi, okanda pakhosi. Frollo amalandira atakwezako pang'ono, Phoebus, yemwe ndi Patrick Fiori, n'kukwezanso, kenaka atatuwo amaimbira limodzi. Nyimbo ndi yomweyo koma chilakolako cha aliyense n'chosiyana, ndipo zimenezi zimamveka popanda kuwerenga chilichonse. Apa ndi pamene sipika imaweruzidwa. Ya laputopu kapena kasipika ka m'thumba kamadya mawu onse apansi, Garou n'kumamveka ngati wadwala chimfine. Bwerekani sipika ziwiri zokhala ndi besi, zija za kwaya ya kutchalitchi zimakwana, muziike kutsogolo mbali ziwiri za kanema, osati kumbuyo kwa anthu. Lumikizani ndi waya. Bluetooth imachedwetsa mawu pang'ono, ndipo poti kamera imakhala pankhope za oimba nthawi zambiri, milomo ikamatsogola mawu aliyense amaona.

Za magetsi mukudziwa kale. Pulojekita ya babu imakoka ma watt 200 mpaka 300, pamene TV ya LED ya mainchesi 43 siifika 100, ndiye ngati mukudalira inveta, TV ndi imene ingakufikitseni kumapeto. Kanemayo akhale ali kale pa kompyuta, osadalira netiweki usiku womwewo.

Pali gawo limene anthu ozolowera katuni ya Disney ya mu 1996 ya nkhani yomweyi sayembekezera. Nyimbo yachiwiri, Les Sans-papiers, ndi ya alendo opempha pothawira pakhomo la tchalitchi, ndipo asilikali amawathamangitsa. Plamondon sankalemba za 1482 yokha. Mu August 1996 apolisi anathyola chitseko cha tchalitchi cha Saint-Bernard ku Paris n'kutulutsa anthu a ku Africa opanda mapepala amene anabisalamo. Luck Mervil, woimba Clopin, anabadwira ku Haiti. Kwa ife okhala m'dziko lomwe lili ndi misasa ya othawa kwawo ya Meheba, Mayukwayukwa ndi Mantapala, iyi si nkhani yakutali, ndipo mwina wina pagulupo inamuchitikira. Musamukakamize kuyankhulapo. Dziwaninso kuti muli kunyongedwa kwa munthu ndi kabala ka mahule, choncho ana aang'ono akagone.

Pumulani pamene seweroli limapumira, Frollo atabaya Phoebus ndi mpeni. Tiyi ndi vitumbuwa zituluke pamenepo, mphindi 15. Gawo lachiwiri limayamba mwakachetechete ndi nyimbo yotchedwa Florence, Frollo ndi Gringoire akukambirana za makina osindikizira mabuku, ndipo anthu akabwerera mochedwa amadzaphonyanso nyimbo ya mabelu yotsatira, momwe ovina amalendewera m'kati mwa mabelu atatu akuluakulu akugwedezeka m'mwamba. Muwaitane asanamalize kapu yachiwiri.